Bala la Pamphumi pa Atate

Achemwali a Rute,

Ndikulemba masana ano inu mutapita kukatsanzika kwa amayi a kutchalitchi. Kalatayi ndiisiya pamtsamiro panu. Chonde muiwerenge lero lomwe, musadikire kuti mukafike ku Maputo, chifukwa zina zimene zili muno zikhala zitatha ntchito mawa dzuwa likakwera.

Dzulo amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati, "Barnaba, amalume ako anapita, atate ako anapita. Mwamuna watsala ndiwe. Mwini mbumba ndiwe, ngakhale ndevu ulibe. Mlongo wako akupita kutali, umulangize." Ine ndinati, "Amayi, mwana wa sekondale, wa desima kilasi, alangize dotolo?" Iwo anati, "Udotolo ndi wa kuchipatala. Pakhomo pano ndi mlongo wako basi." Ndiye ndavomera. Koma mukundidziwa, pamaso panu mawu amandithawa. Mukangoti, "Nanzikambe, watembenuzanso maso, waona chiyani?" ine ndimaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Papepala simungandidule mawu.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsinje wa Lunho wadzaza, njinga zamoto sizikuoloka, ndipo shapa, minibasi yopita ku Lichinga, sidikira munthu ku Metangula. Bambo aang'ono a Yohane anena kuti akuperekezani pa boti lawo la injini. Inu mwakana. Mwati bola kuyenda wapansi ndi kuoloka madzi ofika m'khosi kusiyana ndi kukwera boti la munthu amene anapha atate. Ine ndikufuna mukwere. Ndinena chifukwa chake, koma mundilole ndizungulire pang'ono.

Choyamba, dziwani kuti ntchito mukukaphunzirayi ine sindichita nayo manyazi. Anthu akulankhula, ndimawamva. Kuchitsime a Fulora anati, "Mwana anaphunzira kuchiza amoyo, lero akufuna kukatumbula akufa ngati utaka. Adzamukwatira ndani ameneyo?" Ine ndinangonyamula chidebe changa. Iwo sanalipo tsiku lija munkawafotokozera amayi za medisina legali, koma ine ndinalipo, ndinali pakhomo ndikusenda chinangwa. Munati simukakhala wapolisi, simukakhalanso woweruza. Ntchito yanu idzakhala kunena chimene chinapha munthu, nthawi imene anafa, ndiponso ngati anafa ndi matenda, ndi ngozi, ndi dzanja lake kapena dzanja la wina. Munati pamwamba pa zaka zonse zija za ku Nampula mukawonjezera zaka zina. Poyamba mukangoima pambali n'kumaona akuluakulu akugwira ntchito, kenako akakupatsani mpeni iwo ali pambali panu. Mukaphunzira kuona kanyama kopyapyala ngati khoko la anyezi pa makina okulitsa zinthu, kutumiza magazi kuti akafufuzemo poizoni, kulemba zimene mwapeza, ndi kuimirira ku tiribunali, bwalo la milandu, anthu a malamulo akukupanikizani ndi mafunso. Amayi anamvetsera zonsezo nkhope ili gwa, kenako anafunsa kuti, "Nanga ukatha, umamusiya chotsegula?" Inu munati, "Ndimamusoka, amayi. Bwinonso kuposa mmene mumasokera makabudula a Barnaba." Amayi anaseka mosafuna. Pamenepo ndinadziwa kuti akulolani. Mukadzabwera ku tchuthi, wina akadzakana chakudya chophika inu, mbale yakeyo mudzandipatse ine.

Tsopano za atate. Inu munamva kwa anthu ambiri, koma simunamvepo kwa ine, chonsecho ndinalipo. Munali pa mayeso ku Nampula, munafika maliro atatha. Ine ndinali ndisanamalize pirimariya. Ndinakhala pamwala pamwamba pa dooko, palibe anandithamangitsa chifukwa palibe anandiona.

Atate ndi bambo aang'ono anapita awiri kukavuula matchera. Mphepo ya mpoto inadzuka, bwato linagubuduka. Anthu anawapeza bambo aang'ono atakangamira bwatolo, atate sanaoneke. Patapita masiku anapezeka m'bango, pafupi ndi miyala ija ya kumtunda kwa dooko. Thupi linali litatupa. Maso munalibe, milomo inali itachoka, ndipo pamphumi panali bala lalitali ngati chala changa. Mukudziwa mwambo wa kwathu kuno: wofera m'madzi salowa m'mudzi, sagona m'nyumba, amaikidwa tsiku lomwelo pafupi ndi madzi amene anamutenga. A sekeletale a m'mudzi anaimba foni ku boma ku Metangula. Munthu wa kumeneko anayankha m'Chipwitikizi, mawu ochepa, akuti dikirani. Sananene kuti tidikire chiyani, kapena mpaka liti. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mkulu wa adzukulu anati, "Tidikire kuti m'bale wathuyu aphulikire pamchenga pano agalu akuona? Iwo ali mu ofesi, fungo sakulimva." Ndiye anawasambitsa ndi sopo, balalo analitsuka bwinobwino, zovala anazitentha, a katekisiti anapemphera, n'kuwaika. Zonse anachita ndi ulemu. Ndinaona mmene ankawagwirira, ngati munthu wogona amene safuna kumudzutsa.

M'mawa mwake anafika tekiniko wa kuchipatala ndi wapolisi, matope mpaka m'maondo. Tekinikoyo anafunsa kuti, "Mtembo uli kuti?" Anamuonetsa mulu wa mchenga. "Zovala?" Anamuonetsa phulusa. "Palibe anajambula ndi foni?" Anthu anayang'anana, wina anati, "Kujambula maliro otupa? Ife si nyama." Tekiniko uja anakhala pa bwato lozondoka, n'kuyamba kulemba zimene anthu ankanena, ndipo ankanena onse nthawi imodzi. Papepala analemba kuti atate anamira. Apolisi anawatenga bambo aang'ono, anawasunga pang'ono, n'kuwabweza chifukwa panalibe chowagwirira. Kuyambira tsiku limenelo boma lili ndi nkhani yake, mudzi uli ndi yake. Mudzi umati nkhafi ya bambo aang'ono ndiyo inang'amba mphumi, ndipo maso ndi milomo zinapita kwa sing'anga. Chaka chotsatira bambo aang'ono atabwera ndi injini, ngakhale ankati wagula ndi mwana wawo wa ku migodi ya golide, anthu anangoti, "Mwaonatu."

Kumeneko ndiye kulakwa kwathu koyamba, achemwali, ndipo sikunachokere ku mtima woipa. Tinakwirira yankho chifukwa cha chikondi. Ndiye tsiku lina foni yotere ikadzalira patebulo panu, musadzangoti dikirani. Ngati msewu ulipo, nyamukani. Ngati mtsinje wadzaza ngati lero, pemphani kuti akupatseni mkulu wa adzukulu, mumulankhule m'chilankhulo chake, mumutchule kuti bambo, mumuuze chifukwa chake: musatsuke bala, zovala ikani padera, jambulani mphumi ngakhale n'zowawa, chifukwa mukapanda kutero m'bale wanu wamoyo adzasenza mlandu mpaka kalekale. Anthu athu si ouma mitu. Amangofuna kumva chifukwa. Chinyanja chanu musakachisiye pa shapa. Kumene mukupitako mukapeza anthu a zilankhulo zina, phunzirani ngakhale moni ndi mawu opepesera maliro.

Kulakwa kwachiwiri ndi kwanga. Dzinja lotsatira mbuzi ya a Sitefano inakokoloka ndi madzi n'kukakodwa m'bango lomwe lija. Ine ndinkadutsa pamenepo pochokera ku shikola ndi mabuku anga, ndekha monga mwa masiku onse, ndipo tsiku lililonse ndinkaima n'kumaiyang'ana. Nkhanu zinabwera, tinsomba tinabwera. Zinayambira maso. Kenako milomo, kenako m'mphepete mwa makutu, paliponse pofewa. Chikopa cha pamsana sizinachikhudze. Ndipo m'mene zinadyamo munali mosalala, mongozungulira bwino, moti munthu akanalumbira kuti wadula ndi lumo. Ndinathamanga mpaka kunyumba. Amayi anali pamphasa ndi amayi ena atatu akusankha usipa. Ndinafuula ndili chapatali kuti, "Amayi! Atate sanadulidwe ndi munthu ayi, anadyedwa ndi nkhanu, ngati mbuzi ya a Sitefano!"

Amayi anaimirira, usipa unakhuthukira pamchenga, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mmodzi wa amayi aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana iwe, pakamwa pako analodzapo ndani?" Amayi sanandilankhule masiku angapo. Atayamba kundilankhula anangoti, "Atate ako sanali mbuzi." Ndipo zimene ndinaona m'bango muja sizinathandize munthu aliyense, chifukwa palibe anafunanso kuzimva.

Ndiye mukakhala ndi choonadi m'manja, achemwali, musathamange nacho. Inu mudzakhala mukuona mitembo tsiku ndi tsiku mpaka maso adzazolowera, koma mayi amene akukudikirani pabenchi panja, mtembo wake ndi umodzi wokha. Mukhazikeni pansi. Musamuuze pagulu. Wakufayo mumutchule dzina. Ndikunena izi chifukwa ndikukudziwani, mumalankhula molunjika ngati mkondo. Paja munawauza a Fulora pakati pa msika kuti mutu wawo si ufiti koma kuthamanga kwa magazi. Zinali zoona, koma mankhwala sanakatenge, poti munawachititsa manyazi.

Kulakwa kwanga sikunathere pamenepo. Nditaona mbuzi ija ndinatsimikiza mumtima kuti bambo aang'ono ndi osalakwa, ndipo ndinkadziona wanzeru kuposa mudzi wonse. Zinali choncho mpaka tchuthi chija munabwera ndi buku lanu lalikulu la zithunzi zoopsa, limene munkalibisa pansi pa matiresi poganiza kuti sindikudziwa. Ndinaliwerenga inu mukapita kukachapa. Chipwitikizi chake chinali cholimba, koma ndinamvamo ichi: bala limene munthu walandira ali moyo limakha magazi ndipo magaziwo amalowerera m'mnofu, pamene bala lobwera atafa kale silitero. Koma thupi likakhalitsa m'madzi, madzi amatsuka magazi aja, mabala awiriwa n'kuyamba kufanana. Ndinatseka bukulo. Nkhanu zinayankha za maso ndi milomo, koma za mphumi sizinanene kanthu. Mwala ungang'ambe mphumi. Bwato logubuduka lingang'ambe mphumi. Nkhafinso ingang'ambe.

Madzulo ake ndinakufunsani mozungulira, ngati ndikunena za munthu wina. Ndinati, "Nanga dotolo akayang'ana, n'kulephera kusiyanitsa?" Munandiyankha bwino kwambiri. Munati aphunzitsi anu ankanena kuti nkhani ya apolisi ndi ya abale umaimva yonse, koma umaiika pambali kaye mpaka thupi litanena zake. Munati pali mawu amene dotolo wamantha amawaopa koma dotolo wabwino amawalemba dzanja losanjenjemera: sizikudziwika. Munati, "Kunama kuti ukudziwa ndi kupha munthu wachiwiri, Nanzikambe." Mawu amenewo ndi anu, si anga. Ndikungokubwezerani. Yang'anani kaye, achemwali. Pa mitembo ya eni ake mumadziwa kutero. Pa atate okha ndi pamene munaweruza musanaone, pakuti ngakhale thupi lawo simunalione.

Kulakwa kwachitatu ndi kwanu, ndipo mundikhululukire, pano ndikulankhula monga amayi andituma. Pa Pasaka wathayu, m'tchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, bambo aang'ono anatambasula dzanja kwa inu. Inu munapinda manja n'kunena mokweza, mpaka a kwaya anamva, kuti, "Ndikubwera ndi khasu, bambo. Manda aja adzalankhula." Kenako munabwerera ku ntchito yanu ku Lichinga. Zimene zinatsatira simunazione, ine ndinaziona. Kale anthu ankanong'ona chabe. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kunena poyera, ndipo ankati, "Wanena ndi dotolo." Anyamata amene ankawapalasira anachoka onse, pano amagwira ntchito ndi alendo ochokera ku Meluluca amene sadziwa nkhani. Marita, mwana wawo, amene munkamubereka kumbuyo ali khanda, anasiya shikola. Pabenchi pake anzathu ankajambulapo diso ndi choko. Ine ndinkafufuta m'mawa asanafike, koma tsiku lina anandipeza ndikufufuta, ndipo sanabwerenso.

Pakamwa panu si pa Rute wa kale ayi. Mawu anu alemera, ndipo mukamaliza maphunzirowa adzalemera kuposa pano. Mzere umodzi wolembedwa ndi inu udzalowetsa munthu m'ndende kapena kumutulutsa. Musaiwale zimenezi mukatopa, mukakwiya, kapena wapolisi wamkulu akadzakuimirirani kumbuyo n'kumati, "Dotolo, ingolembani, tonse tikudziwa anachita ndi uyu." Kwathu kunonso tonse tikudziwa, koma palibe anaona.

Dzana ndinali padooko ndikuwerenga za mayeso. Bambo aang'ono anabwera n'kukhala chapatali pang'ono, monga amachitira masiku ano ndi aliyense. Aonda, achemwali, ndipo chifuwa chija sichikuwasiya. Anati, "Abwana mwini mbumba, tingalankhule nanu, kapena mpaka tilembe kalata?" Ndinaseka, ndinawasendera pafupi.

Anati, "Kodi n'zoona Rute akukaphunzira kufunsa akufa?"

Ndinati, "Eya, bambo."

"Zitenga nthawi?"

"Zaka ndithu."

Anakhosomola, analavula kumbali, anati, "Umuuze asachedwe. Khasu asavutike nalo, ndidzakumba ndine."

Ndinawafunsa kuti, "Simukuopa?"

Anayang'ana manja awo. Kenako anati, "Ndikuopa, mwana wanga. Bwato pogubuduka nkhafi inali m'manja mwanga. Ndinamva yagunda chinthu. Kaya linali bwato, kaya mwala, kaya achimwene. Madzi anali m'maso, sindinaone. Anthu akuti ndikudziwa chimene ndinachita. Ndikanakonda ndikanadziwa." Ataimirira anawonjeza kuti, "Wapolisi anandifunsa kuti ziwalo ndinagulitsa kuti. Mudzi unandifunsa kuti injini ndinaitenga kuti. Palibe anandifunsapo kuti Yohane, zinayamba bwanji."

Sindikunena kuti mawu amenewa akuwayeretsa. Munthu angathe kulankhula mokoma ali ndi magazi m'manja, ndipo ine ndinapsa kale ndi kutsimikiza msanga. Ndinawayang'anitsitsa nkhope ndi manja monga ndimachitira, ndipo sindinapeze yankho. Sindikudziwa, achemwali. Zanditengera zaka kuti ndithe kulemba mawu amenewa.

Za manda aja, ndinene maganizo anga lero kuti tisadzakangane mtsogolo. Inu nomwe munati dotolo saloledwa kuyeza m'bale wake, chifukwa mtima umatsogolera maso. Ndiye ngati adzatsegulidwe, adzatsegule ndi wina, mwalamulo, inu mutaima panja pamodzi ndi ine ndi amayi. Ndipo tidzavomereze tisanakumbe kuti mafupa ogona mumchenga wonyowa zaka zonsezi mwina sadzanena kanthu. Dotoloyo akadzati sizikudziwika, tidzalandire. Mukapita ku Maputo ndi manda amodzi okha m'mutu, mudzaona nkhope ya bambo aang'ono pa mlandu uliwonse, ndipo wina wosalakwa adzalipira. Kaphunzireni chifukwa cha onse amene akuikidwa m'mbali mwa nyanja ino popanda wowayang'ana. Mukamaliza mudzabwerere kwathu kuno ku Niassa. Akuluakulu akadzakunyengererani kuti mutsale kumeneko, mudzakumbuke tekiniko uja atakhala pa bwato, akulemba mphekesera chifukwa panalibe china choti alembe.

Zina ndi zazing'ono. Muzidya musanalowe m'chipinda cha mitembo, paja mukakhala ndi njala mumachita chizungulire. Amayi muziwaimbira Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, nthawi imeneyo ndimatha kukwera nawo pachulu pamene foni imagwira. Musamawauze za ntchito, muziwauza za mitengo ya tomato ndi mavalidwe a akazi a ku Maputo, ndi zimene amakonda. Mukapeza amene akukuphunzitsani ndi waukali, pirirani, bola akhale woona. Mukalakwitsa, nenani msanga, wakufa sangakuwongoleni. Ndipo mukakhale ndi anzanu amoyo. Izi ndikunena ine amene ndilibe ambiri, ndiye ndikudziwa mmene zimakhalira.

Tsopano za mawa. Sindikukupemphani kuti muwakhululukire, pakuti sitikudziwa ngati pali chokhululuka. Sindikukupemphani kuti muwagwire dzanja. Ndikupempha kuti mukwere, mukhale pansi, boti likachoka padooko muwafunse funso limene palibe anawafunsa: bambo, zinayamba bwanji? Muwafunse monga mudzafunsira mboni ya mlandu wa eni ake, mosakweza mawu, mosawadula, mpaka afike kumapeto. Iwo ndi munthu yekhayo padziko pano amene anali ndi atate nthawi imeneyo, ndipo chifuwa chija sindikuchikhulupirira kuti chidikira zaka zanu za maphunziro. Mafupa mwina adzakhalapo mukadzabwera. Iwo sindikudziwa. Mukamva zonse n'kutsikira ku Metangula maganizo anu ali omwewo, ine sindidzatsegulanso pakamwa pa nkhaniyi. Ndidzakhala pakati panu m'botimo, ndipo amayi avomera kuti ndijombe ku shikola.

Mwina mukwiya mukafika pano, ndipo mukhoza kundikalipira, ndili kuseri ndikuwaza nkhuni. Koma musavutike kufunafuna chikwama chanu chachikulu chija cha mabuku ndi mapepala a ku Maputo. Ndachinyamula kale masana ano. Chili m'boti la bambo aang'ono, achikulunga ndi pulasitiki kuti chisanyowe, ndipo akuti tinyamuke mawa m'mamawa mphepo isanadzuke.

Ndine mlongo wanu,
Barnaba